Mafuta a Madamu Anayesedwa pa Ine

Lolemba, 30 Seputembala

Ntchito yatsopano lero: kubwereketsa mkono.

Madamu atiitana tonse atatu ku galaja. Ine, Anaphiri ochapa zovala, ndi a Mackford osamalira maluwa. Galimoto inasamukamo kalekale m'galajamo. Masiku ano muli mapoto awiri aakulu, sikelo, mabotolo mbwee, ndi fungo loti ukakhalamo ola limodzi mutu uyambe kuwawa. Mafuta odzola a madamu. Malambe, cham'mwamba, ndi timadzi tonunkhira ta m'kabotolo kakuda kamene kanabwera pa ndege. Miyezi isanu wotakasa ndine. Dzina pa botolo ndi lawo, Hellen.

Akuti mafuta asanapite kwa anthu amayamba ayesedwa pakhungu, ndi mmene amachitira makampani akunja. Anaonera pa foni. Ndiye aliyense kadontho mkati mwa mkono wamanzere, pamwamba pulasitala, osasambapo mpaka mawa. A Mackford anatembenuzira nkhope kumbali ngati akuwabaya katemera. Sitinafunsidwe ngati tikufuna. Komanso tikanafunsidwa tikanayankha chiyani?

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Shopu ya ku City Centre atsegula pa 12, kuti anthu agule mphatso za tsiku la anakubala. Pakufunika wogulitsa. "Lonely, iwe Fomu 4 unamaliza, chingerezi umachitha, khungu lako ndi losalala. Ukakhala iweyo kumeneko."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukolopa nyumba ya ku Area 43. Zimbudzi zinayi, anthu atatu. Satifiketi yanga ili m'sutikesi, mphemvu zinaidya ngodya imodzi. Lero ndi tsiku loyamba munthu kuikumbukira.

Ndabwerera ku Kauma miyendo yopepuka. Thoko, mng'ono wanga, waseka pulasitalayo, akuti asisi mwasanduka munda wachitsanzo. Aseke. Iye chimalizireni sukulu chaka chatha, ntchito yake ndi kulemba makalata ofunsira ntchito ndi kuchaja foni.

Shopu imeneyo ndikuifuna. Ndalemba kuti ndizione ndi maso anga. Ndikuifuna.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Mapulasitala achotsedwa. Pakhungu palibe kanthu, pangotuwa pang'ono.

Dokotala analipo, eya. A Clive, alamu awo a madamu, dokotala wa mano. Anabwera kudzadya nkhomaliro. Tinaima pamzere pakhomo la kukhitchini, iwo n'kusuzumira mikono yathu, dzanja lina lili ndi ntchafu ya nkhuku. "Zili bwinobwino izi." Basi, asayina. Dzino langa lija landivutitsa chaka chonse sanalione n'komwe, pamene ndi pomwe akanandithandiza.

Pepala lili ndi mayina khumi ndi awiri. Atatu ndife. Asanu ndi anayi ndi azimayi a kutchalitchi kwa madamu, amene anapatsidwa kabotolo aliyense n'kuyankha pa foni kuti mafutawo akununkhira bwino. Ine nambala 3. Pafupi ndi dzina langa madamu alemba okha kuti palibe vuto, ine ndasayina. Anaphiri adinda chala.

Atipatsa botolo aliyense, tizidzola m'mawa ndi madzulo kuti anthu azionera pa ife. Ndadzola mikono yonse iwiri. Kumaso ayi, fungolo limandichititsa nseru. Thoko anafuna kudzolako, ndamukaniza. Ndati adzagule ake akadzayamba ntchito.

Lachinayi, 3 Okutobala

Kuyabwa. Kunayamba m'mawa ndikukolopa, pamalo penipeni panali pulasitala. Pofika masana pafiira psuu, timatuza ting'onoting'ono ngati mapira. Mkono wamanja nawo wayamba, cha pachigongono. Ndakanda ndi zala, ndakanda ndi msana wa supuni.

Mwamwayi juzi ija ndinaiiwala kuseri kwa chitseko mu Julaye inali pomwepo. Juzi mu Okutobala! Thukuta kamukamu.

Madamu anali pakhonde, maso pa foni. Ndikudutsa ndi ndowa anafunsa osadzutsa mutu, "Mafuta aja palibe chachitika?" Ine, "Zili bwino, madamu."

Pakamwa panayankha pokha. Ndi mmene tinaleredwera. Bwana akafunsa ngati wadya, wadya. Akafunsa ngati watopa, sunatope. Mayi anga ali m'chipatala, mwendo utatupa kusowa pouika, adokotala akafunsa mwadzuka bwanji ankati ndadzuka bwino, kaya inu. Ndinkawakalipira. Lero ndine.

Koma ndisadzinamize, si ulemu wokha. Wogulitsa mafuta a khungu, mkono wake matuza okhaokha, ndani angamuike pa shopu? Masiku asanu ndi anayi okha. Zipola.

Ndasiya kudzola. Botolo pansi pa bedi.

Loweruka, 5 Okutobala

Anandituma ku Old Town kukatenga malebulo kosindikiza. Dzuwa, fumbi, akabaza kuliza mabelu m'makutu, ine m'juzi ngati wodwala malungo. Bambo wosindikizayo anandionetsa limodzi kuti ndione ngati latuluka bwino. Tsamba lobiriwira, dzina la madamu, pansi pake mawu awiri achingerezi: "Dermatologically tested." Ndiye kuti oyesedwa pakhungu, mwa ukatswiri wa madokotala. Ndinawerenga kawiri uku ndikukanda.

Ndinalowa m'famase ina cha kumzikiti. Mayi wa pakauntala, a Zubeida, dzina lili pachifuwa. Nditapinda juzi anagwira pakamwa. Anafunsa kuti ndadzola chiyani. Ndinanama, ndinati mafuta ogula mumsika, koma analembapo kuti ndi oyesedwa. Anaseka, osati mondinyoza. Anatsitsa mabotolo atatu pa shelefu, onse mawu omwewo.

Zimene ananena ndizilembe ndisanaiwale. Mawuwo amangotanthauza kuti mafuta anakhudzapo khungu la munthu wina, kwinakwake. Sanena kuti anthu angati. Sanena masiku angati. Sanena kuti anapeza chiyani. "Ngakhale mwana wolephera mayeso, mayesowo analemba ndithu."

Makampani ochita zolongosoka, akuti, amatenga anthu ambiri, osati antchito awo oopa kuchotsedwa. Woona ndi dokotala wa khungu, ndipo amaona ndi maso ake, samangofunsa kuti mukumva bwanji. Amaona pochotsa pulasitala, n'kudzaonanso patapita tsiku kapena masiku awiri, chifukwa pali mafuta ena owotcha pompopompo, pali ena amene thupi limayamba lakhala chete kenako n'kuwakana. Ndipo ngakhale oyesedwa bwinowo akhoza kumukana munthu mmodzi. N'chifukwa chake chatsopano chilichonse uyambe wapaka pang'ono mkati mwa mkono masiku angapo usanafike nacho kumaso. Kawirikawiri, akuti, zoyambitsa vuto zimakhala zonunkhiritsa.

Kabotolo kakuda kaja. Madamu amati ndithire madontho makumi awiri, kenako amanunkhiza n'kuti onjezera, azimayi amagula ndi mphuno.

Anandipatsa kachubu ka mankhwala, ndizipaka kawiri patsiku, zikapitirira ndipite kuchipatala. Anati ndikawauzenso ogulitsawo. Ndinati ndikawauza.

Katoni ya malebulo pamutu mpaka ku depoti.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tsiku lonse kumata malebulo m'galaja, ine ndi Anaphiri. Mawu awiri aja kudutsa pansi pa chala changa kamodzikamodzi, kuwasalaza kuti asapindike.

Anaphiri anawerama kutola botolo. Duku lawo lija akumanga mpaka m'khosi masiku ano linasuntha. Khosi lonse zidzolo, mpaka kuseri kwa khutu, mwina mosupuka. Iwo anadzola ndi mtima wonse, mayi wa anthu, m'mawa ndi madzulo monga anauzidwira. Ndinapinda juzi n'kuwaonetsa mkono wanga. Tinayang'anana. Ndinkayesa alira kapena atukwana. Anangokonza duku. "Khungu lathu ndi lakumudzi, mwanawe, silinazolowere zinthu zabwino."

Zinandiwawa kuposa kuyabwako. Zaka makumi asanu ndi mphambu, manja m'sopo wa ufa tsiku ndi tsiku osatuluka kanthu, lero wolakwa ndi khungu lawo.

A Mackford nawo malaya aatali manja, mabatani mpaka m'mwamba. Akuti ndi chitedze. Chitedze ku Area 43! Pakapinga pamene iwo omwe amazula kaudzu kalikonse ndi zala.

Atatu mwa atatu. Aliyense kubisa payekha, kuganiza kuti ndi iye yekha wathupi lachabechabe. Ndinati tipite limodzi kwa madamu, anthu atatu sangatichotse tsiku limodzi. Anaphiri akuti zidzukulu zinayi zimadya m'manja mwawo, sangathe. A Mackford anatsegula paipi n'kuyamba kuthirira maluwa othirira kale.

Ndawaweruza njira yonse ya ku Kauma. Amantha, amantha, anthu akuluakulu. Nditafika pa chigayo ndinakumbukira kuti inenso ndili ndi pakamwa panga, ndipo sabata yatha. Ndinasiya kuweruza.

Mankhwala anga ndawafinyirako Anaphiri m'kachitini.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndinatsala pang'ono. Ndikuyala bedi la madamu, iwo ali pagalasi, mawu anafika pakhosi. Ndiye anatulutsa jumbo. Bulauzi yobiriwira, dzina la shopu pachifuwa, langa pansi pake. Lonely, ulusi wagolide. Sindinaonepo dzina langa litasokedwa pa chinthu. Yaifupi manja.

Ndinati mu shopu muja muli makina oziziritsa, chifuwa changa sichigwirizana nawo, kaya ndingavale kajuzi pamwamba. Anandipatsa kawo koyera, kofewa, kooneka kuti sikanavalidwepo. "Ndimakudalira, Lonely. Pa anthu onse pano woganiza ndiwe."

Zikanaphweka akanakhala munthu woipa. Si woipa. Bambo anga atamwalira anandiperekeza pa galimoto mpaka ku Nathenje, anakhala pansi pamphasa ndi azimayi, osanyansidwa ndi fumbi. Mafutawa ndi loto lawo, ntchito ya ku banki anasiyira omwewa. Amakhulupiriradi kuti anayesa.

Koma popukuta patebulo lawo la galasi ndawerenga mabotolo. Asanu ndi awiri, onse akunja. La dzina lawo palibe. Akuti khungu lawo ndi losalimba, dokotala wa ku Joni anawaletsa kusinthasintha mafuta. Ndiye khungu lokhala ndi dokotala ndi lawolo. Lathuli ndi loyeserapo.

Pepala la mayina lija aliika m'felemu, likapachikidwa mu shopu.

Mkono wayamba kuuma, ukusupuka, pakutsala bii. Wondipaka mankhwala ndi Thoko, ndipo tsiku lililonse nyimbo ndi yomweyo, asisi mukangonena, asisi mukangonena. Kwa iye n'chapafupi. Alibe choti ataye.

Loweruka, 12 Okutobala

Tatsegula.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zinalipo. Mabaluni, keke, nyimbo, azimayi a magalimoto a ku Area 12 ndi ku 43. Ine kuseri kwa kauntala, m'manja mopanda mopu. Bambo wina wa tayi ananditchula kuti madamu, ine n'kucheuka kufuna madamuwo. Thoko anabwera kudzathandiza kunyamula makatoni. Madamu anamuyamikira kuti ndi wochangamuka, anamupatsa keke yopita nayo kunyumba.

Felemu ili pakhoma kumbuyo kwanga. Madamu anandiphunzitsa kuti wina akafunsa ndiloze pepala, ndinene kuti nambala 3 ndine. Ndaloza maulendo osawerengeka. Ndinkadziuza kuti awa ndi anthu akuluakulu, ali ndi madokotala awo, akayabwidwa asiya okha.

Cha m'ma 3 koloko kunabwera mayi wina wovala hijabu, nsapato zafumbi, wooneka kuti wabwera pa minibasi. Akuti amakhala ku Old Town, amuna awo ndi telala. Anali ndi mwana wamkazi wa zaka ngati zinayi, Suhaila. Kuseri kwa mawondo ndi m'khosi khungu louma, lokandakanda. Akuti ayesa zambiri, chilichonse chimamuwotcha, ndiye anamva pa gulu la pa foni kuti awa ndi achilengedwe, oyesedwanso ndi dokotala. Pepala sanaliyang'ane. Anayang'ana ine. "Achemwali, inuyo munadzoladi? Sanakuchiteni kanthu?"

Madamu anali poteropo, akujambulitsa ndi anzawo.

Ndinati ndinadzola. Ndinati sanandichite kanthu. Ndinakulunga botolo m'pepala lobiriwira, ndinamangapo kariboni. Chokha chimene ndinakwanitsa ndi kunong'ona kuti ayambe amupaka pang'ono pamkono. Anamwetulira, anati poti ndi oyesedwa kale palibe chifukwa. Mwanayo ananditsanzika ndi dzanja.

Keke ya Thoko sindinadye.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndachapa kajuzi koyera, mkati mwa manja muli madontho a mkono wanga.

Nambala ya foni sindinawafunse. Dzina la mayiyo sindikulidziwa. Telala wa ku Old Town. Matelala a ku Old Town alipo angati?

Ndawerenga masiku. Ngati anamupaka dzulo madzulo, ndiye ziyamba Lolemba kapena Lachiwiri. Lachiwiri ndi tsiku la anakubala.

Lolemba, 14 Okutobala

Anthu ambiri kuposa Loweruka, aliyense mphatso ya mayi ake. Chitseko chikatseguka ndimati ndi mayi uja. Sanabwere. Sindikudziwa ngati ndimafuna abwere kapena ayi.

Amene anabwera ndi nambala 7. Mayi wa ku Area 12, mtsogoleri wa kwaya kutchalitchi kwa madamu, magalasi akuda pamutu. Anaima pa felemu, anapeza dzina lake, n'kuseka mpaka kugwira kauntala. Akuti iye kabotolo kake sanakatsegule n'komwe, anapatsa wantchito wake. "Koma mnzathu tiyenera kumulimbikitsa, si choncho?" Anagula mabotolo awiri, lina la apongozi ake.

Ndinafuna kufunsa kuti wantchitoyo ali bwanji. Ndikudziwa kale. Ali bwino, madamu.

Ndiye pa anthu khumi ndi awiri aja, odzoladi mwina ndife atatu basi. Ndipo pepala lili m'galasi, siginecha ya dokotala wa mano pansi pake, ine patsogolo pake ndi kajuzi koyera, kumwetulira. Ntchito imene ndinaifuna ndi mtima wonse ija. Mapazi sakuwawa ngati pokolopa, zimenezo ndi zoona.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndanena.

Dzulo holide, ndinangogona chafufumimba, osadya. Lero m'mawa sindinapite ku City Centre, ndinalunjika ku 43. Ndinawapeza madamu pakhonde ndi tiyi. Ndinavula kajuzi, ndinakapinda bwinobwino, n'kuika mikono yonse iwiri patebulo.

Anayang'ana nthawi yaitali. Nkhope inasintha, ndinaona mantha enieni. Kenako, "Ndinakufunsa kapena sindinakufunse?" Anandifunsa. Pamenepo palibe chokana. "Masabata awiri, Lonely. Ukanandiuza malebulo asanasindikizidwe." Ndi zoonanso. Ndinati si ine ndekha, ndi tonse atatu.

Anawaitana. Anaphiri anagwada chapatali, duku mpaka m'khosi, maso pansi. A Mackford chipewa m'manja. Madamu anafunsa ngati mafuta aja anawachita kanthu, anene zoona, palibe amene achotsedwe. Yankho ndinalimva lisanatuluke. "Ife tili bwino, madamu." A Mackford anabwereza za chitedze.

Duku linali pomwepo. Kungoti Anaphiri tamasulani, basi, nkhani yatha. Ndinayang'ana madamu, madamu anayang'ana dukulo. Analiyang'ana ndithu, ndinawaona ndi maso angawa. Kenako anati zikomo, pitani mukagwire ntchito.

Titatsala awiri mawu awo anafewa. Akuti ndiye kuti ndili ndi vuto langa la khungu, lobadwa nalo, ndipo munthu wotere sayenera n'komwe kukhala pa mndandanda wa oyesedwa, analakwitsa ndi iwo kundiikapo. Achotsa dzina langa, asindikizanso pepala. Ndinanena za kabotolo kakuda, za a Zubeida, za nambala 7, za mwana uja. Anati mayi ake akadzadandaula adzaona pomwepo. Ndinati aimitse kaye kugulitsa, tiphikenso ena opanda zonunkhiritsa, ndikhoza kutakasa ngakhale sabata yonse. Anafunsa ngati ndikudziwa zimene anataya kuti afike pamenepa.

Akuti ku shopu ndi mikono yotere sindingakhale, zimenezo ndizimvetse. Panyumba anaika kale mayi wina m'malo mwanga. Ndikapume, ndipole, adzandiimbira. Kajuzi ndinakasiya patebulo. Bulauzi anati ndidzabweze ndikachapa.

Sindinalire pamaso pawo. Chimenecho chokha ndachita bwino mwezi uno.

Potuluka, Anaphiri anali kuseri kwa thanki ya madzi. Sanandiyang'ane. Anangonena chapansipansi kuti mankhwala aja awathera.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tsiku lachiwiri ndikuyendayenda ku Old Town. Khonde ndi khonde, kulikonse kumene kukulira makina osokera. Kodi muli ndi mwana dzina lake Suhaila, wa zaka zinayi? Ena kuseka, ena kundiyang'ana ngati wakuba ana. Bambo wina wachikulire, a Sumaila, anandipatsa mpando ndi madzi, n'kuimbira anzawo atatu. Anapezeka ana awiri a dzinalo. Wina ali Fomu 2, wina ndi wakhanda.

Pomaliza kwa a Zubeida. Ndawauza zonse, ndi bodza la mumsika lija lomwe. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Akuti mwana wa khungu lotere akafika pa famase pawo adzamudziwa, adzauza mayi ake asiye. Akuti kuli ofesi ya boma yoona za katundu wogulitsidwa, ndikhoza kukadandaula, koma akafuna umboni. Umboni wanga ukupola. Sabata yamawa padzangotsala mabanga akuda, ndi siginecha yanga pafupi ndi mawu akuti palibe vuto.

Mankhwala ena ndawagulira Anaphiri. Ndikapereka pageti kwa alonda. Ndakwiya nawo, koma khosi lija silinalakwe.

Pobwerera ndinatsika ku City Centre, sindikudziwa ndimafunako chiyani. Ndinaima cha m'mbali mwa windo. Madamu okha pakauntala, akuvutika kumanga kariboni. Felemu ndi yomwe ija, pepala ndi latsopano. Mayina khumi ndi limodzi, onse opanda vuto. Nambala 3 tsopano ndi Anaphiri.

Azimayi awiri anatuluka ndi timajumbo tobiriwira. Ndinawapatsa njira.

Lolemba, 21 Okutobala

Madamu aimba. Pa foni ya Thoko.

Ndinali panja ndikutsuka mbale, ndinangomva inde madamu, zikomo madamu, mawa lomwe madamu. Thoko anatuluka akuyesa kubisa mano. Shopu. Ayambe mawa 8 koloko. Bulauzi atenge yanga yomwe ija, telala akachotsa dzina n'kusokapo lina.

Ndinamuonetsa mikono. Anati waiona, woipaka ndi iyeyo. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye ankati asisi mukangonena. Anati, "Mwanena, asisi. Ndiye tidya chiyani?" Ufa m'ndowa watsala wa masiku atatu.

Ndikudziwa chimene madamu achita. Mng'ono wanga ali pakauntala, ine ndikadandaula ku ofesi iti? Mwina sanaganize n'komwe choncho. Mwina akuona ngati atithandiza, ndipo Lamulungu akauza azimayi anzawo kuti banja lija sanalitaye. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, ndipo n'chimene chikundipsetsa mtima kwambiri.

Thoko wasita bulauzi, waipachika pamsomali. Iye sadzadzola, walonjeza. Akuti makasitomala obwera ndi ana aziwauza kuti ayambe pang'ono. Inenso ndinatero.

Tsopano wabwera wakhala pamphasa pafupi nane, kope pamwendo. Akuti chingerezi cha pa botolo chimamuvuta kutchula, ndimuphunzitse. Ndimuuzenso zoyankha munthu akamuyang'ana m'maso n'kufunsa ngati mafutawo anayesedwadi. Akufuna alembe, kuti asakasokoneze mawa.

Cholembera chake chatha inki. Akudikira changachi.